Zimbale za Machona a ku Trelawney

Njanji yochokera ku Harare kulinga ku Chinhoyi, ikapitirira Darwendale isanafike ku Banket, imadutsa m'dziko la Trelawney, m'boma la Zvimba, kumene mabani anjerwa owumitsiramo fodya aimirira m'mizeremizere kufikira lero lino, ena akali kufuka utsi pa nyengo yake, ena madenga awo adagwa kale. Ndipo mlendo amene angapatuke pamsewu nakhala pansi m'komboni ina ya kumeneko, nadikira kuti ana aleke phokoso lawo la Chishona, adzamva nkhalamba zikulonjerana m'Chichewa chakale, chaulemu ndi chosafulumira. Makolo a nkhalamba zimenezi, ndiponso zina mwa izo zomwe, adadza kuno kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Angonia, pothawa msonkho ndi umphawi. Oyamba adayenda pansi kudzera ku Tete, nawoloka Zambezi, nalowa m'dziko muno cha ku Mutoko kapena cha ku Mount Darwin. Otsatira adakwera malole a Ulere, ena adalembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi, ndipo m'zaka za chitaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, njirayo idangosanduka mpita. Onsewo ankati adzagwira matikiti owerengeka, agule njinga ndi bulangete, abwerere kwawo. Ambiri sadabwerere, ndipo kumudzi adawatcha machona.

Anthu amenewa sadasiye mabuku. M'kaundula wa pafamu mudalembedwa dzina limodzi, nthawi zina losakhala lenileni, ndi masiku a pa tikiti, ndi muyeso wa phoso. Koma mudzi umene munthu adachokera, mfumu yake, mfunda wake, dzina la mayi amene adamsiya akulira pakhomo, zimenezo mwini famu sadazifune, ndipo zidakhala m'mitu ya eniake, zikumatuluka pa maliro pokha, pa ukwati, ndi pa tsiku lovundukula chiliza, pamene mkulu amaimirira kuti auze khamu kuti wagonayo adali mwana wa yani. Tsono kudachitika kuti zaka zimene mafamu adagawidwa, kuyambira chaka cha 2000, pamene anthu a m'makomboni adabalalika, ena ku migodi ya ku Mutorashanga, ena ku Epworth ndi ku Mbare, ena kutali ku Johannesburg, ndizo zaka zomwezo zimene chimbale cha DVD chidafika m'manja mwa anthu wamba. Luso limeneli lidayamba kugulitsidwa ku Japan m'chaka cha 1996, ndipo pasanapite zaka zambiri anyamata onyamula makamera adayamba kuoneka pa zochitika zathu, akumalipidwa ndi ndalama zosonkherana, napereka pambuyo pake chimbale chonyezimira chokhala ndi dzina la malemu lolembedwa ndi cholembera chakuda. Pa chifukwa ichi ndimati zimbale zimenezi ndizo buku lokhalo la mibadwo yathu, pakuti m'menemo muli misonkhano yotsiriza ya anthu amene sadzakhalanso pamodzi pansi pano.

Komatu buku limeneli likufufutika lili chikhalire m'sutikesi. Chimbale cha kanema wa ku fakitale amachidinda, ndipo chimapirira; koma chimbale cha DVD-R chimene wojambula wa pamaliro adawotcha pa kompyuta yake chimasunga zithunzi m'utoto wopyapyala wotsekeredwa pakati pa mapulasitiki awiri, ndipo utoto umenewo umaopa dzuwa, kutentha ndi chinyontho, zinthu zitatu zimene sizisowa m'nyumba ya malata. Onjezani apo kukandika kwa zala za ana ndi fumbi la m'mwezi wa Okutobala. Ngakhale chimbalecho chitapulumuka, makina ochiwerenga akutha: zoonetsera zimbale zidafa chimodzichimodzi, makompyuta a pamiyendo a masiku ano amabwera opanda khomo loikapo chimbale, ndipo mdzukulu wa ku Johannesburg kapena mbale wa ku Dedza ali ndi foni yokha m'dzanja. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ife a ku Trelawney, amene tidakulira m'fungo la fodya, tiyenera kuumva mwambi umenewu kuposa anthu onse, pakuti chimbale chosasamutsidwa chikali pachala.

Ntchito yosamutsayo ndidaiona pafupi pamene mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene adaphunzira za makompyuta ku Chinhoyi, adadza ndi kabokosi kowerengera zimbale kolumikiza ndi chingwe cha USB, kuti tisamutse kanema wa tsiku lovundukula chiliza cha bambo anga. Adayamba ndi kupukuta chimbale ndi kansalu kofewa, kuchokera pabowo la pakati kulinga kunja, osati mozungulira, pakuti mkwaso wotsata mzere wa zolembedwa umafafaniza zambiri zondondozana, pamene mkwaso wodutsa mopingasa makina amatha kuulumpha nakonza chosowacho. Adandiuzanso kuti chimbale chimalembedwa kuyambira pakati kumka m'mphepete, kotero kuti zipsera za m'mphepete, kumene zala zimagwira, zimadya mathero a mwambo, ndiwo malo amene mawu othokoza ndi otsanzikana amakhala. Titachitsegula sitidapeze kanema mmodzi monga ndinkaganizira, koma chikwatu chotchedwa VIDEO_TS, ndi m'kati mwake mafayilo amitundu itatu: a VOB, amene ali ndi zithunzi ndi mawu, ndipo lililonse silipitirira gigabaiti imodzi, chifukwa chake mwambo umodzi umaduka m'zidutswa zingapo, a IFO, amene amauza makina dongosolo la zidutswazo, ndi a BUP, amene ali makope a IFO osungidwira tsiku la tsoka. Asanachite china chilichonse, mnyamatayo adakopera chikwatu chonsecho chathunthu pa kompyuta, nachikoperanso pa fulashi, nati choyambirira sichikhudzidwa, zosintha zonse zichitikire pa kope. Ndidamlemekeza pa mawu amenewo, pakuti ambiri amasamutsa kanema, namuchepetsa, nataya chimbale, osadziwa kuti chimene chatayika pochepetsa sichibwereranso.

Kuchepetsako n'kosapeweka. Chimbale chimodzi chimasenza magigabaiti 4.7, ndiwo pafupifupi maola awiri a kanema wosungidwa m'njira ya MPEG-2, ndipo palibe munthu wa m'komboni amene angagule bandulo ya intaneti yokwanira kutumiza katundu wotere, ngakhalenso wa kumudzi woti aulandire. Chifukwa chake kanemayo amamtembenuzira ku fayilo ya MP4 m'njira yatsopano ya H.264, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 2003, pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere monga HandBrake. Ndipo chimene chimachitika pamenepo chifanana ndi kudinda fodya m'belo, pakuti mulu umene udadzaza shedi umapanikizidwa kufikira munthu atha kuukweza pa lole, koma wodinda akapyola muyeso masamba amaphwanyika ndipo mtengo wake umagwa. Makina amayang'ana zithunzi zotsatana, nasunga chokhacho chimene chasintha, nasiya khoma ndi mtengo zimene zangoima. Ndiye chifukwa chake nkhalamba yolankhula itakhala pampando imachepetseka bwino, pamene gule, ndi fumbi lake ndi nthenga zake zowuluka, akapanikizidwa kwambiri amasweka kukhala timabokosi tosaoneka bwino. Zilipo zina ziwiri zimene mphwanga adazisamala. Zimbale za kuno zili m'muyeso wa PAL, timadontho 720 m'lifupi ndi 576 m'litali, zithunzi 25 pa sekondi, ndipo chithunzi chilichonse chidajambulidwa m'magawo awiri a mizere yolukana, monga ankafunira mawailesi akanema akale. Foni siidziwa kulukana kumeneko, ndipo ukapanda kuuza pulogalamu kuti ilumikize mizereyo, dzanja la woimba ng'oma limaoneka lamanomano m'mphepete. Chachiwiri ndicho maonekedwe a 4:3, amene anthu ambiri amawatambasula kuti adzaze galasi lonse la foni, nasandutsa amayi athu kukhala afupi ndi otupa nkhope, zimene Mlengi sadawapange.

Zonsezi ndi nzeru za manja, ndipo mwana aliyense wodekha akhoza kuziphunzira, ngakhale magetsi a kuno amazima ntchito ili pakati, n'kuyambanso poyamba. Chimene chidandigoneka mochedwa masiku amenewo ndi nkhani ya lumo, ndiko kusankha chodula ndi chosiya.

Kanema wathuyo adali wa maola awiri, ndipo mphwanga adafuna kumfupikitsa kuti abale amuone osatopa. Adasunga kufika kwa alendo, amayi akuphika, nsalu yoyera ikuchotsedwa pachiliza, ndi gule wa masana. Ndipo adaika chizindikiro chodulira pa chigawo chachitali chimene kamera idangoima malo amodzi, ikuyang'ana nkhalamba ina yovala jekete lothaitha, yogwira chipewa pachifuwa, ikulankhula mawu amene mphepo inkawauluza theka. Adati, "Malume, apa palibe chochitika, agogowa akungoyankhula, anthu adzatseka foni." Ndidampempha kuti akweze mawu, timvere limodzi. Nkhalambayo, imene idadza ndi bambo anga m'ulendo umodzi ndipo idawatsatira kumanda patangopita nyengo yochepa, inkatchula mudzi wa kwa Kaphuka ku Dedza kumene adachokera, dzina la nyakwawa, mfunda wa bambo anga ndi wa amayi awo, mtsinje umene ankamwetsako ng'ombe ali anyamata, mlongo wa bambo anga amene adatsala ndi mwana wakhanda, malo amene adagona panjira, ndi mnzawo wachitatu amene adadwala asanawoloke Zambezi naikidwa ndi anthu achilendo. Pakati pa mawuwo idaima, nipukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, niyang'ana pansi ikufunafuna dzina limene lidaithawa, ndipo mayi wina wokhala pamphasa adalitchula mofuula, khamu lonse nkuvomera. Ndidati kwa mnyamatayo, "Mphwanga, dula mpunga ndi nyama, dula magalimoto a alendo, koma pamene agogo ako atsegula pakamwa usaikepo lumo, ngakhale pamene akhala chete." Iye adamvetsa msanga, pakuti ngakhale amalota m'Chishona, mayina amenewo adali asanawamvepo, ndipo adawabwereza kawiri nawalemba pa pepala.

Ndimadandaula kuti m'makanema ambiri a anthu athu amene ndimawaona pa Facebook ndi pa YouTube, lumo lidagwa mbali yolakwika. Gule amasungidwa chifukwa amakoka maso, ndipo pamwamba pa ng'oma zenizeni amathirapo nyimbo ya mu wailesi; koma mawu a akulu, amene amakoma akagonera, amatayidwa chifukwa sathamanga. Chomvetsa chisoni n'chakuti mawu ndiwo katundu wopepuka koposa m'fayilo yonse: ola lathunthu la munthu wolankhula, likapatulidwa pa zithunzi, likhoza kusungidwa momveka bwino m'mamegabaiti osakwana 60, kotero kuti ngakhale wosauka wopanda bandulo yaikulu akhoza kutumiza liwu la agogo ake ku Malawi. Amene akuchepetsa kanema ayenera kuumira pa zithunzi ndi kuwolowa manja pa mawu, pakuti nkhope yosaoneka bwino mbale adzaizindikirabe, koma dzina la mudzi likamveka mwachibwibwi latayika. Ndipo m'dziko muno mayina amenewa si zokometsera chabe. Lamulo la unzika la chaka cha 2001 lidasiya ana ambiri a machona opanda dziko, zitupa zawo zitalembedwa kuti ndi alendo, ngakhale adabadwira m'mabani momwemo. Malamulo aakulu a dziko a chaka cha 2013 adatsegulanso khomo kwa obadwira muno amene kholo lawo lidachokera m'maiko oyandikana a SADC, koma munthu amafunsidwabe kuti atate ake adali yani ndipo adachokera kuti, ndipo alipo ambiri amene yankho lawo lonse lili m'chimbale chimodzi chokandika.

Lilipo tsono dera lina limene lumo liyenera kugwa mosazengereza. Gule Wamkulu adadza kuno pamodzi ndi makolo, ndipo m'mafamu ndi m'migodi ya Mashonaland adakhala msana wa mudzi kwa anthu opanda mudzi: ankaika maliro, ankalanga achinyamata, ankasonkhanitsa Mchewa wa ku Malawi, wa ku Zambia ndi wa ku Mozambique pa bwalo limodzi. Bungwe la UNESCO lidamlengeza kukhala chuma cha anthu onse m'chaka cha 2005, ndipo palibe choipa kuti dziko lione Kapoli akuimba ndi liwu lake lopyapyala, Makanja akuyenda m'mwamba, kapena Kasiyamaliro akulowa m'bwalo mbalule ikulira. Zimenezo n'za pabwalo, ndipo ngakhale pa Kulamba ku Mkaika, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, makamera amazijambula. Koma wojambula wathu, amene adali mnyamata waganyu wosadziwa mwambo, adatsata fumbi la zilombo pamene zinkabwerera, nalozetsa kamera yake kumene diso la wosavinidwa siliyenera kufika. Pa chimbale chokhala m'sutikesi cholakwa chimenechi chidagona zaka zambiri osavulaza munthu, pakuti ochiona adali a m'nyumba, ndipo mkulu ankatha kuimirira n'kutseka. Pa intaneti palibe mkulu woimirira, ndipo chimene chalowamo chimakopedwa ndi anthu osawadziwa, nichiseketsa iwo amene kale lomwe ankatinyoza chifukwa cha gule yemweyo. Sitidaweruze tokha. Tidanyamula kompyuta kupita nayo kwa akulu a mwambo amene atsala m'komboni, iwo adaona chigawocho paokha, natiuza poyambira ndi polekezera; ndipo mphwanga, amene sadalowe kudambwe, adadula potsata manambala a nthawi amene adamlembera, nkhope atatembenuzira kumbali.

Momwemonso ndi misozi. Kamera idakhalitsa pa nkhope ya mayi anga pamene nsalu inkachotsedwa, ndipo ojambula amakonda zotere. Koma mayi wamasiye adalira pakati pa abale ake, sadalire kuti anthu a m'mabasi a ku Harare amuonere pa foni. Tidawafunsa, pakuti akali moyo, ndipo adati, "Ana anga, a kumudzi aone kuti ndidawalira bambo anu, koma a kunja ayi." Potero padatuluka makanema awiri kuchokera m'chimbale chimodzi: wautali wa abale, wokhala ndi mawu onse a nkhalamba ija ndi misozi ya amayi, ndi waufupi wa aliyense, wokhala ndi nyimbo, chiliza ndi gule wa pabwalo. Chigawo cha chinsinsi cha mwambo sichidalowe mwa aliyense wa awiriwo, ndipo kope lathunthu la chimbale lidasungidwa kwa munthu amene akuluwo adamtchula.

Potumiza padali nzeru inanso yaing'ono. WhatsApp, ukaipatsa kanema monga kanema, imampanikizanso kachiwiri mwa kufuna kwake, ndipo ntchito yonse yosamala ija imaonongeka; koma ukamtumiza monga chikalata amafika monga adachokera, ndipo kuyambira chaka cha 2022 njira imeneyi imalola fayilo yofika magigabaiti awiri. Tidamgawa kanema wa abale m'zigawo zazifupi kuti wolandira, amene intaneti yake imadukaduka, asataye zonse chigawo chimodzi chikalephera. Ndipo fayilo iliyonse tidaipatsa dzina lomveka, la malemu, la malo ndi la chaka, pakuti fayilo yotchedwa ndi manambala okha imasochera pakati pa zikwi za zithunzi za m'foni, ndipo foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi palibe amene amadziwa chimene chapita. Wa aliyense uja tidamuika pa YouTube, ndipo pansi pake tidalemba m'Chichewa ndi m'Chishona, kuti adzukulu amene chinenero cha makolo chidawapulumuka adziwe chimene akuona.

Yankho lidachokera ku Dedza kudzera mwa mphunzitsi wina amene adatenga foni yake kupita nayo kumudzi umene nkhalamba ija idatchula. Anthu a m'mudzimo adasonkhana pakhonde namvera, ndipo mayi wina wokalamba adati khanda lotchulidwalo ndi iye, ndi kuti amayi ake adamwalira akufunsabe za mlongo wawo amene adapita ku Halale. Adatikonzanso pa dzina la nyakwawa, pakuti amene nkhalamba idamtchula adalowedwa m'malo kawiri chichokere iwo, ndipo adapempha kuti tiwatumizire chithunzi cha chiliza chooneka bwino, kuti awerenge chaka chimene malume awo adagona. Mphwanga adabwerera ku kope losakhudzidwa lija, natapamo chithunzi chimodzi pamene kamera idaima nji pa mwala, nachitumiza tsiku lomwelo. Mbiri itamveka m'komboni, anthu adayamba kubwera ndi zimbale zawo zokulungidwa m'mipango ndi m'mapepala a shuga, zina za maukwati, zina za chinamwali cha mpingo, zina tizimbale tating'ono ta masentimita 8 timene makamera ena ankalembapo mwachindunji, timene sititseguka pa makina ena ngati mwini kamera sadatitsirize. Mwa zimene zafika, zingapo zakana kuwerengeka konse, ndipo eniake tawauza kuti asazitaye, pakuti makina ena amawerenga chimene ena alephera. Zotsalazo mphwanga akuzisamutsa Loweruka lililonse magetsi akakhalapo, kuyambira ndi zimene muli nkhalamba zolankhula.